Kununkha m'kamwa: gwero liri pa lilime ndi m'nkhama, osati m'mimba

Pali matenda ena amene mwini wake amakhala wotsiriza kuwadziwa. Kununkha m'kamwa ndi amodzi mwa matenda otere. Anzake a ku nchito adziwa, wokhala naye pa mpando umodzi m'minibasi adziwa, mkazi kapena mwamuna wake adziwa, koma palibe amene alimba mtima kuti amuuze. Iye angoona kuti akayamba kulankhula, anthu afutuka pang'ono kapena ayang'ana kumbali. Mphuno izolowera fungo la mwini wake, ndiye cifukwa cake wodwalayo samva kanthu.

Nkhani iyi si yoseketsa. Ana ena aleka kuyankha mafunso m'kalasi kaamba ka kusekedwa. Ogulitsa pa msika ataya makasitomala osadziwa cifukwa cake. M'nyumba zina cikondi cizirala, ndipo mlandu ukafika kwa ankhoswe pachulidwa zifukwa zina, ceniceni cibisidwa kaamba ka manyazi. Coopsa kuposa zonsezi ndi cakuti fungo lokhalitsa kawirikawiri ndi cizindikiro cakuti nkhama zidwala, ndipo nkhama zikadwala nthawi yaitali mano amagwedera ndi kuguluka.

Fungo licokera kuti?

Ambiri obwera ku cipatala ndi vuto ili amati, “M'mimba mwanga mwaola.” Ena amwa mankhwala otsegula m'mimba, ena a njoka za m'mimba, ena mizu yosanzitsa, koma fungo osatha. Cifukwa cake ndi cakuti aciza malo osadwala. Njira ya cakudya yocokera kukhosi kupita m'mimba imakhala yotseka, itseguka pokhapo pamene munthu ameza, ageya kapena asanza. Mwa anthu 10 onunkha m'kamwa, 8 kapena 9 fungo lawo licokera m'kamwa momwemo.

M'kamwa mwa munthu aliyense mukhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, tochedwa mabakiteriya. Tambiri tiribe vuto. Koma pali mtundu wina umene ukonda malo obisika, kumene mpweya sufika bwino: kumbuyo kwa lilime, pakati pa mano, m'mano obooka ndi pansi pa nkhama. Tizilombo timeneti tidya zotsalira za cakudya, magazi, mamina otsikira kukhosi ndi tizikhungu takufa ta m'kamwa. Pamene tidya, titulutsa mpweya wonunkha. Wina wa mpweya umenewu ndi hydrogen sulphide, womwe uja umene umveka dzira loola likasweka. Wina ndi methyl mercaptan, wa fungo ngati la kabichi woola, ndipo umenewu uculuka kwa anthu odwala nkhama. Katswiri wina, Joseph Tonzetich, wa pa University of British Columbia ku Canada, anapima mpweya wa m'kamwa mwa anthu ndi makina m'caka ca 1971, ndi kuonetsa kuti mitundu iwiri imeneyi ndiyo ibweretsa fungo lalikulu.

Lilime

Imani pa kalilole, tulutsani lilime lonse, muyang'ane cakumbuyo kwake. Ngati muona zoyera kapena zacikasu zoyanga pamenepo, mwapeza gwero loyamba. Lilime siliri losalala monga tiganizira. Liri ndi timizere ndi timaenje ngati thaulo, ndipo litsiro likhazikika m'menemo. Anthu ambiri atsuka mano bwino lomwe koma lilime salikhudza konse. Kuli monga kusesa pakhomo ndi kusiya dzala pakati pa bwalo.

Nkhama ndi mano

Nkhama, kapena kuti usinini, ndi mnofu umene ugwira mano. Tsiku lirilonse pa mano pamamera litsiro lofewa lomata, makamaka pamene dzino likumana ndi nkhama. Likapanda kucotsedwa, m'masiku owerengeka liyamba kuuma ndi kusanduka ngati mwala wacikasu kapena wakuda. Mwala umenewu mswaci sungaucotse. Nkhama ziyamba kufiira, kutupa ndi kutuluka magazi potsuka mano kapena podya nzimbe ndi cimanga coocha. Matendawa akapitirira, nkhama zilekana ndi dzino, papangika kathumba mosonkhana mafinya, ndipo fupa logwira dzino liyamba kudyeka. Poyamba sizipweteka, n'cifukwa cake ambiri afika ku cipatala dzino litagwedera kale.

Magazi potsuka mano si cifukwa colekera kutsuka. Ndi cizindikiro cakuti malo amenewo afunika kutsukidwa bwino koposa. Amai apakati, odwala matenda a shuga, okoka fodya ndi amene ali ndi kacilombo ka HIV koma sali pa mankhwala ndiwo agwidwa msanga ndi matenda a nkhama. Vutoli siliri kuno kokha: lipoti la bungwe la World Health Organization la m'caka ca 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni pa dziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo pafupifupi 1 biliyoni mwa iwo ali ndi matenda aakulu a nkhama.

Dzino lobooka nalonso ndi nkhokwe ya fungo. Kanyama, kakapenta kapena ulusi wa mango ukalowa m'bowo, uolera momwemo. Cimodzimodzi zitsa za mano othyoka, dzino lakumapeto limene latuluka theka, ndi mano oikira amene mwini wake agona nawo osawatsuka.

Kuuma m'kamwa

Malovu ndiwo madzi otsuka m'kamwa usana wonse. Munthu wamkulu apanga malovu okwana theka la lita kufika lita imodzi ndi theka pa tsiku. Tikagona malovu acepa kwambiri, tizilombo tipeza mpata, ndiye cifukwa cake aliyense auka ndi kafungo m'mawa. Fungo la m'mawa si matenda. Litha munthu akatsuka m'kamwa ndi kudya.

Vuto libwera ngati m'kamwa muuma tsiku lonse. Izi zicitika kwa amene samwa madzi okwanira, makamaka m'miyezi yotentha ya September ndi October, kwa opumira kukamwa kaamba ka mphuno zotseka, ndi kwa amene nchito yawo ndi yolankhula kwambiri monga aphunzitsi ndi makondakitala. Kukhala ndi njala nthawi yaitali kucita cimodzimodzi. Munthu wocoka panyumba osadya kanthu, ndi kudzadya nsima madzulo, kapena amene asala kudya, amamveka fungo cifukwa nsagwada sizinatafune ndipo malovu sanayende. Mankhwala ena aumitsanso m'kamwa, monga Piriton, amitriptyline ndi mankhwala ena a BP okodzetsa. Musaleke kumwa mankhwala anu mwa inu nokha, koma kauzeni amene anakulemberani.

Fodya, mowa ndi zakudya

Fodya aononga m'njira zitatu: ali ndi fungo lakelake, aumitsa m'kamwa, ndiponso adwalitsa nkhama. Ndiponso abisa matendawo, pakuti nkhama za wokoka fodya sizituluka magazi msanga ngakhale zitaonongeka. Nsunko woika m'kamwa acita cimodzimodzi, ndipo fodya wa mtundu uliwonse angabweretse khansa ya m'kamwa. Mowa, kaya wa m'botolo, Chibuku kapena kacasu, uumitsa m'kamwa, ndipo womwa akafika kunyumba usiku kawirikawiri agona osatsuka mano.

Adyo ndi anyezi wamuwisi ali ndi njira yawoyawo. Fungo lake lilowa m'magazi ndi kutulukira m'mapapo, cotero ngakhale mutsuke mano kangati, limveka kufikira litatha lokha, mwina tsiku lathunthu. Amenewa si matenda, ndipo palibe cifukwa colekera zakudya zabwinozi.

Fungo locokera kwina

Gawo laling'ono lotsala licokera kunja kwa kamwa, ndipo apa ndi pamene tifunika kucenjera.

Cimfine cosatha, ca mamina olimba otsikira kukhosi, cinunkhitsa mpweya. Anthu ena ali ndi timibulu toyera, tofanana ndi njere za mpunga, timene tipangika m'timaenje ta matonsilo kukhosi. Tikatuluka potsokomola tinunkha koopsa, koma si toopsa. Musatikolokose ndi cinthu cakuthwa. Cilungulira cobwerabwera, comwe madzi owawasa akwera kukhosi, cingathandizirenso fungo, ndipo ciri ndi mankhwala ake ku kiliniki.

Mwana wamng'ono akayamba kununkha, ndipo mamina a mafinya atuluka mbali imodzi yokha ya mphuno, ganizirani kuti analowetsamo kanthu: njere ya cimanga, nyemba, mkanda, kapepala kapena kathonje ka matilesi. Musayese kucotsa ndi waya kapena kamtengo ka macisa, mungakankhire cinthuco mkati. Pitani naye ku cipatala. Ngati ndi kabatire kakang'ono ka nkoloko ya pamkono, thamangani nthawi yomweyo, cifukwa kamaocha mnofu m'maola ocepa.

Zizindikiro izi zifuna cipatala tsiku lomwelo:

Fungo lotsekemera ngati zipatso zakupsa kwambiri, kapena ngati mankhwala ocotsera utoto wa pa zikhadabo, kwa munthu amene amva ludzu kwambiri, akodza pafupipafupi, asanza ndi kupuma mozama. Umenewu ungakhale shuga wokwera koopsa, ndipo munthu angakomoke.

Fungo ngati la mkodzo, pamodzi ndi kutupa nkhope ndi miyendo kapena kucepa kwa mkodzo. Impso zingakhale zitalephera nchito.

Fungo ngati la cinthu cacinyontho cosungidwa nthawi yaitali, pamodzi ndi maso acikasu, kutupa mimba kapena kusokonezeka mutu. Ici ciloza ku ciwindi.

Kutupa kwa tsaya kapena pansi pa cibwano, kutentha thupi, kulephera kuyasamula kapena kumeza. Mafinya a dzino angafalikire kukhosi ndi kutseka njira ya mpweya.

Zina zosafunika kucedwa nazo ndi cifuwa copitirira masabata 2, makamaka ca makhololo onunkha kapena a magazi, cimene cifunika kupimidwa TB, ndi cironda ca m'kamwa cimene sicipola pakatha masabata 2.

Makolo adziwenso za matenda ochedwa noma. Agwira makamaka ana a zaka 2 kufika 6 osowa cakudya cokwanira m'thupi, kawirikawiri atangodwala cikuku kapena malungo. Ayamba ngati zironda za m'nkhama zotuluka magazi ndi fungo loipa kwambiri, kenaka tsaya litupa, ndipo m'masiku owerengeka mnofu wa nkhope uyamba kuola. Akapezeka msanga acizika ndi mankhwala opha tizilombo, ukhondo wa m'kamwa ndi cakudya cabwino. Popanda cithandizo, ana pafupifupi 9 mwa 10 amwalira. Mu December 2023 bungwe la World Health Organization linaika noma pa mndandanda wa matenda a m'maiko otentha amene anyalanyazidwa. Mwana woonda wonunkha m'kamwa asagonekedwe panyumba.

Mungadziwe bwanji kuti mununkha?

Kupumira m'manja ndi kununkhiza sikuthandiza kwenikweni. Tengani sipuni yoyera, mupale nayo pang'ono kumbuyo kwa lilime, mudikire kuti ziume, ndipo mununkhize. Kapena pititsani kaulusi pakati pa mano a kumbuyo ndi kukanunkhiza. Koma njira yoposa zonse ndiyo kufunsa munthu wamkulu amene mumkhulupirira, ndi kumupempha kuti akuuzeni zoona.

Palinso ena amene avutika mumtima poganiza kuti anunkha pamene sanunkha konse. Aona munthu agwira mphuno, iwo ati ndi ine. Atsuka mano kasanu pa tsiku mpaka nkhama kunyuka, ndipo aleka kupita pagulu. Ngati a m'banja ndi a zacipatala akuuzani kuti palibe fungo, akhulupirireni. Nkhawa ikapitirira, nayonso ndi nkhani yokambirana ndi dotolo.

Kuciza kwake

Coyamba, tsukani mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi usiku musanagone, mphindi 2 nthawi iriyonse. Kutsuka kwa usiku ndiko kofunika koposa, pakuti usiku malovu acepa. Gwiritsirani nchito mswaci wofewa, muupendeke kuti tsitsi lake lifike pamene dzino likumana ndi nkhama, ndipo muzungulize pang'onopang'ono, kunja, mkati ndi pamwamba potafunira. Kukwecha mwamphamvu ngati mukwecha mphika kumadya nkhama. Mankhwala otsukira mano, amene ambiri angowacha Colgate, akhale olembedwa kuti muli fluoride, cifukwa ndiye alimbitsa mano. Mukatha lavulani thovu, koma musacukuce ndi madzi ambiri, kuti mankhwalawo atsale pa mano.

Caciwiri, tsukani lilime kamodzi pa tsiku. Litulutseni, ikani mswaci kapena sipuni yaing'ono cakumbuyo, ndi kukokera kutsogolo mofatsa kanayi kapena kasanu, mukutsuka cipangizoco ndi madzi nthawi iriyonse. Masiku oyamba mudzamva ngati mufuna kusanza. Yambirani pakati, ndipo tsiku ndi tsiku muzisendera kumbuyo. Musapale mpaka kutuluka magazi. Ambiri amene vuto lawo liri pa lilime aona kusintha m'sabata imodzi kapena awiri.

Cacitatu, cotsani zotsalira pakati pa mano, pamene mswaci sufika. M'masitolo a mankhwala muli kaulusi kopangidwira nchito imeneyi. Kamtengo kosongola bwino kangathandize mukakagwiritsira nchito mosamala. Nsingano, phini ndi waya zilasa nkhama.

Cacinai, imwani madzi pafupipafupi, ndipo musacoke panyumba ndi njala. Ngakhale mbatata, cinangwa kapena nthoci ikwanira kuti malovu ayambe kuyenda. Mukadya masana kumene kulibe mswaci, cukucani ndi madzi.

Cacisanu, amene ali ndi mano oikira awavule usiku, awatsuke ndi mswaci ndi sopo, ndi kuwaika m'kapu ya madzi oyera.

Mukacita zonsezi masabata 2 koma fungo osasintha, kapena muli ndi dzino lobooka, nkhama zotuluka magazi kapena mwala pa mano, pitani kwa a mano. Zipatala zikuluzikulu monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete ziri ndi cigawo ca mano, ndipo a pa kiliniki ya kwanu angakuuzeni kumene mungapite pafupi. Kumeneko apala mwala uja ndi zipangizo zawo, amata mabowo, ndi kucotsa zitsa zoola. Ena aopa kuti kupala mano kumagwedeza mano kapena kusiya mipata. Mipata imeneyo inalipo kale, inangotsekedwa ndi mwala umene unali kudya fupa. Ndiponso kupita kwa a mano sikutanthauza kuzula nthawi zonse. Mukafika msanga dzino lipulumuka.

Zimene sizithandiza

Maswiti a fungo labwino abisa fungo kwa mphindi zocepa, ndipo shuga wake adyetsa tizilombo tomwe tiboola mano. Ngati mufuna cotafuna, sankhani cingamu copanda shuga, cimene cithandiza kutulutsa malovu. Mankhwala ocukuca a m'botolo sangalowe m'malo mwa mswaci. A chlorhexidine ndi amphamvu ndipo athandiza nkhama zotupa, koma ndi a masiku owerengeka monga mwauzidwira ku cipatala, cifukwa akapitirira adetsa mano ndi lilime. Madzi ofunda a mcere, theka la sipuni yaing'ono m'kapu imodzi, atonthoza nkhama ndipo satayitsa ndalama.

Makala, phulusa ndi mcenga ziyeretsa mano poyamba, koma zipala cikopa colimba ca dzino, cimene sicimeranso. Kuika Aspirin pa nkhama kuocha mnofu. Madzi a m'batire, petulo kapena mafuta a mabuleki m'dzino lobooka ndi poizoni. Makapisozi ogula pa kantemba angacepetse fungo masiku ocepa, koma libwerera cifukwa gwero likalipo, ndipo tizilombo tizolowera mankhwalawo kotero kuti sadzagwiranso nchito tsiku limene mudzawafunadi.

Kucinjiriza banja lonse

Aliyense m'nyumba akhale ndi mswaci wakewake. Usinthidwe pakatha miyezi 3, kapena tsitsi lake likayamba kutambasuka, ndipo uimikidwe pamalo pouma, kutali ndi cimbudzi ndi mphemvu. Ndalama zikasowa, mswaci wa kamtengo umene makolo athu anali kugwiritsira nchito ugwira bwino, malinga utafunidwe mpaka kufewa, ufike mano a kumbuyo ndi mkati momwe, ndipo nsonga yake idulidwe kawirikawiri. Mankhwala otsukira akatha, tsukani ndi madzi okha. Cimene cicotsa litsiro ndi mswaci.

Mwana ayambe kutsukidwa dzino loyamba likangotuluka. Wosafika zaka 3 mumuikire mankhwala ocepa ngati njere ya mpunga, wa zaka 3 kufika 6 ngati njere ya nandolo, ndipo mumuthandize kutsuka mpaka afike zaka 7. Mano 20 a ubwana asanyozedwe poti adzaguluka, pakuti akaola apweteka, anunkha, ndipo ndiwo asungira malo mano 32 a ukulu. Cepetsani maswiti, mabisiketi ndi zakumwa za shuga pakati pa cakudya, ndipo mwana asagone ndi botolo la tiyi wa shuga kukamwa. Odwala shuga asunge shuga wawo pa muyezo, amene ali pa ma ARV amwe mosadumphitsa, ndipo amai apakati achule za nkhama zawo ku sikelo. Munthu aliyense ayenera kuonetsa mano kamodzi pa caka ngakhale palibe copweteka.

Kumuuza mnzanu

Catsala ndi cija covuta: ndani adzamuuza? Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kunong'onezana kumbali ndi kupatsa munthu dzina lacipongwe sikuciza, ndipo pamene inu museka, nkhama zake zipitirira kudyeka. Muuzeni muli awiri, nthawi ya mtendere, osati pokangana kapena pamaso pa ana. Mkazi anganene kuti, “Atate ake a mwana, masiku ano ndimva kafungo mukamalankhula, ndipo ndaona magazi pa mswaci wanu. Tiyeni tipite tonse akatione mano.” Mwamuna angalankhule cimodzimodzi kwa amai a kunyumba. Ngati ndi munthu wamkulu, monga apongozi kapena agogo, tumani amene amasuka nawo. Mwana wa sukulu musamunyoze. Imani naye potsuka, mumuonetse kufika kumbuyo kwa lilime, ndipo muyang'ane m'kamwa mwake ngati muli dzino lobooka.

Inunso mukauzidwa, musakwiye. Yambani usiku womwewo ndi mano, lilime ndi mipata ya mano. Pakapita masabata 2 mufunseni amene anakuuzaniyo ngati pali kusintha, ndipo ngati palibe, tengani khadi lanu mupite ku kiliniki.